Masiki a P2 pa utsi wa ku Canberra

Ndinagula masiki a P2, osefa tinthu ting'onoting'ono ta mu utsi, mu Disembala 2019, utsi wa moto wolusa wa m'nkhalango za m'chigawo cha New South Wales utakuta Canberra, likulu la Australia. Amagwiradi ntchito. Kawaya ka pamphuno kamapindika bwino, ndipo kukhosi kunasiya kuyabwa, zomwe ansalu analephera. Andevu metani kaye, apo ayi utsi umalowera m'mbali. Ana aang'ono sawakwana.

Pa 4 Januwale 2020 kunatentha kufika madigiri 44. Masiki ananyoweratu ndi thukuta, zingwe zikucheka makutu, komabe sindinavule. Zimandipwetekabe mtima kuti mu Disembala 2019 nduna yaikulu ya Australia ya panthawiyo, Scott Morrison, anapita kutchuthi ku Hawaii dziko likuyaka, munthu amene mu 2017 analowa m'nyumba ya malamulo akunyadira malasha m'manja, pomwe malasha amakulitsa vuto la kusintha kwa nyengo.

Muguliretu ambiri, chifukwa moto ukabuka amatha m'masitolo.