Ntchito yolera ana: mukaifune kumalo osungirako ana kapena ku mkombaphala?

Ku mkombaphala ntchito imatha masana. Ana osakwana zaka 6 amabwera m'mawa, kuimba, kusewera, kumwa phala, kenako aliyense kwawo. Chovuta n'chakuti alezi ambiri m'sukuluzi ndi ongodzipereka, mwezi umatha osagwira kanthu m'manja.

Kumalo osungirako ana ovutika, monga midzi ya bungwe la SOS ya ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Ngabu, nkhani ndi ina. Mlezi amagona komweko. Mwana akalira pakati pa usiku, akakodzera pogona, akathawa kusukulu, zonsezo n'zanu. Ana ena amafika atazunzidwa, osafuna n'komwe kukuyang'anani kumaso, ndipo pamatha miyezi asanakutchuleni kuti "amayi". Achinyamata ndiye amayesadi mtima. Palinso zolembalemba, pakuti chilichonse chochitikira mwana chimayenera kusungidwa m'mabuku, komanso muyenera kudziwa lamulo loteteza ana la 2010. Malipiro alipo, koma kwanu mumapitako mwa apo ndi apo.

Ine ndingati yambani ku mkombaphala chaka chimodzi. Mukaona kuti phokoso la ana 40 silikukutopetsani, lembani kalata yofunsira ntchito yogonera konko.