CT kapena MRI pa vuto la khutu?

Abale a kuno ku Johannesburg, dokotala wa makutu akakutumizani kukajambulitsa, nthawi zambiri imakhala CT kapena MRI, mitundu iwiri ya makina ojambula m'kati mwa thupi.

CT imaonetsa mafupa. Imajambula m'timagawo tosakwana milimita imodzi, moti tifupa titatu ta m'kati mwa khutu timaoneka bwinobwino, ngakhale kaja kochepa kuposa njere ya mpunga. Mphindi zochepa, mwatuluka. Koma imagwiritsa ntchito X-ray, choncho amayi oyembekezera, chonde nenani msanga.

MRI ilibe X-ray, ndipo imaonetsa mtsempha wa kumva ndi zotupa. Mumagona osagwedezeka m'makina aphokoso mphindi 30 kapena kuposa, ndipo ku chipatala cholipira imadula kuposa CT.

Khutu lotuluka mafinya osaleka, kapena lovulala pa ngozi, lifuna CT. Ngati khutu limodzi lokha likugontha kapena kulira, apo ndi MRI.