Ndemanga pa mkanda, ndolo ndi chibangili za miyala ya ku Mzimba ndi ku Ngabu

Ndinapangitsa mkanda wa m'khosi, ndolo ndi chibangili kwa mayi wina wa mu Lilongwe amene amatunga mikanda ndi miyala yamtengo wapatali kunyumba kwawo, ndipo ndadikira kuti ndiyambe ndazivala kwa nthawi yokwanira ndisanalembe ndemangayi, chifukwa chinthu chovala m'thupi sichidziwika bwino pa tsiku loyamba. Ndinazifunira chinkhoswe cha mwana wa mchemwali wanga, koma kuchokera pamenepo ndakhala ndikuzivala kutchalitchi, kuntchito ndi kumaukwati, m'nyengo yotentha ya Okutobala pamene thukuta limayesa chitsulo chilichonse, komanso m'nyengo ya dzinja. Maganizo anga ndi akuti luso la mayiwa ndi lapamwamba ndipo ndalama zanga sizinalowe m'madzi, ngakhale kuti tizitsulo tina timene anagwiritsa ntchito tikuchepetsa ulemu wa ntchito yawo.

Chimene chinandikopa koyamba ndi momwe anayambira ntchitoyo. Sanandiyalire zinthu zopangiratu kuti ndingoloza, koma anandiuza kuti ndibwere ndi nsalu imene ndinkafuna kusoketsa, komanso ndiwafotokozere mmene khosi la bulauzi lidzadulidwire. Nsaluyo inali chitenje chobiriwira ngati mtambo, chokhala ndi maluwa oyera ndi timizere tofiirira. Anachiyala panja pamthunzi, osati m'nyumba, ponena kuti kuwala kwa babu kumanamiza maso, kenaka anayamba kuika miyala pamwamba pa nsaluyo umodzi umodzi. Anandiyeza khosi ndi tepi ya atelala, ndipo anati mikanda yambiri yogulitsa m'masitolo imakhala ya masentimita 45, koma kwa ine utali umenewo ukanachititsa kuti mwala waukulu uzigunda m'mphepete mwa bulauzi ndi kumabisala, choncho anaonjezera mpaka masentimita 48. Kusiyana kwa masentimita atatu kumaoneka ngati kopanda pake, koma ndi kumene kumachititsa kuti mwalawo uzikhala pakati penipeni pa chifuwa popanda kumangoukonza ndi dzanja tsiku lonse.

Ine ndinkafuna kuti mitundu yonse imene ndinaiona ilowemo, makamaka amethyst, mwala wa mtundu wa pepo, amene anati amamugula kwa amalonda ochokera ku Zambia, komwe mwalawu umakumbidwa kwambiri ku Mapatizya, kum'mwera kwa dzikolo. Iwo anakana mwaulemu koma mosatekeseka. Anati nsalu yanga inali kale ndi mitundu itatu, ndipo mkanda ukakhalanso ndi mitundu yambiri, diso limasowa pokhazikika. Anasankha kuti pakhale mwala umodzi wotsogolera, ina yonse ikhale yongouperekeza. Anayala mikandayo pa kathabwa kokhala ndi tingalande ndi manambala a masentimita, nasinthasintha kaikidwe kake ine ndikuona, mpaka tinagwirizana. Ndikuyamikira kwambiri kuti sanatunge kanthu tisanagwirizane, ndipo usiku womwewo ananditumizira chithunzi cha kathabwako pa WhatsApp kuti ndikasintha maganizo ndinene msanga.

Mwala wotsogolerawo ndi aquamarine wa ku Mzimba, waukulu ngati chala chamanthu kuyambira pa mfundo yomaliza kufika kunsonga. Boma la Mzimba ndi lodziwika ndi mwala umenewu, ndipo ambiri amene amaukumba ndi anthu a migodi ing'onoing'ono ogwiritsa ntchito mapiki ndi mafosholo. Aquamarine ndi wa banja limodzi ndi emerald, banja la beryl, ndipo mtundu wake wobiriwira ngati madzi umabwera chifukwa cha chitsulo chochepa chimene chili mkati mwake. Wanga si woyera mbee ngati amene amadulidwa kuti aikidwe pa mphete zodula. Ndikauyang'anitsa padzuwa ndimaona timizere toongoka bwino toyenda m'litali mwake, ndi kamng'alu kakang'ono mkati kamene kamathwanima ndikautembenuza, ndipo mbali zake zisanu ndi imodzi, zimene mwalawu umabadwa nazo m'nthaka, zikuonekabe ngakhale anaupukuta. Mtundu wake ukupendekerako pang'ono ku msipu. Mayiwa anandifotokozera kuti aquamarine wambiri wa pamsika wa kunja amamutenthetsa pamoto kuti msipuwo uchoke, atsale wobiriwira ngati mtambo, koma uwu sunatenthetsedwe. Sanauboole, poopa kuti kamng'alu kaja kangakule mwala n'kusweka, m'malo mwake anaukulunga ndi waya wa siliva amene anamupinda ndi pulayala mwaukhondo kotero kuti palibe nsonga imene imakola nsalu kapena kukanda khungu. Pa ntchito yonseyi, kakulungidwe ka wayayu ndi kamene kamaonetsa kuti manja awo ndi ozolowera.

M'mbali mwa aquamarine anaikamo miyala isanu ndi umodzi ya agate wa ku Ngabu, m'boma la Chikwawa, itatu mbali iyi itatu mbali inayo. Agate ameneyu ndi wobiriwira motuwa, wokhala ndi mizere yoyera yopindikapindika, ndipo palibe mwala umene ukufanana ndendende ndi unzake. Anthu ambiri sadziwa kuti ku Chigwa cha Shire kumatuluka mwala wokongola chotere, monganso ambiri sadziwa kuti pa phiri la Chimwadzulu ku Ntcheu pamapezeka ruby ndi sapphire, zimene zinadziwika kuyambira mu 1958. Chakumbuyo kwa khosi anamalizitsa ndi mikanda yozungulira ya rose quartz ya mamilimita 6, yofiirira mopepuka, yolekanitsidwa ndi timikanda ting'onoting'ono toyera.

Apa ndi pamene ndinawakhulupirira mayiwa, chifukwa ndisanafunse n'komwe anandiuza kuti timikanda toyerato si miyala koma galasi, topangidwa ku Czech Republic, dziko limene lakhala likupanga mikanda ya galasi kwa zaka mazanamazana. Anaonjezeranso kuti ngakhale rose quartz amakumbidwa ku Mzimba, mikanda yozungulira imene anandiikira anaigula yoboolaboola kale kuchokera ku India, ndipo sangalumbire kuti mwala wake unachokera kwathu kuno. Vuto ndi lakuti miyala yathu yambiri imatuluka m'dziko muno isanadulidwe, n'kukakonzedwera kumalo ngati mzinda wa Jaipur ku India, ndipo makina oboolera ndi kupukutira miyala ali ndi anthu ochepa. Wogulitsa wina akanangoti zonse ndi za ku Malawi, ine n'kukondwa, iye n'kukweza mtengo. Anandibwereka kagalasi kokulitsa zinthu kakhumi kuti ndidzionere ndekha kusiyana kwake. Mkanda wa galasi nthawi zambiri umakhala ndi timathovu ta mpweya mkati, pamene mwala weniweni umakhala ndi timing'alu ndi timitambo, komanso mwala ukauika patsaya umazizira ndipo umachedwa kufunda. Anandichenjezanso za agate wonyikidwa mu utoto, wa mitundu yowala mopitirira muyeso, amene utoto wake umaunjikana m'ming'alu ndi pakamwa pa bowo. Nditabwerera kunyumba ndinatenga mkanda wina umene ndinagula kale kwa ogulitsa m'mbali mwa msewu monga mwala weniweni, ndipo ndinapeza kuti unali chikomekome cha nkuyu, mkati muli timathovu tokhatokha.

Katungidwe kake nakonso ndi kofunika kukafotokoza, popeza ndi kamene kamasiyanitsa mkanda wokhalitsa ndi wongodutsa. Ambiri amatungira pa ulusi wa nayiloni wowedzera nsomba, umene umauma pakapita nthawi, ndipo m'mphepete mwa bowo la mwala, mmene mumakhala mwakuthwa, mumaudula pang'onopang'ono mpaka tsiku lina mikanda imangomwazika pansi. Mayiwa anayamba asalaza pakamwa pa bowo la mwala uliwonse ndi katupa kowonda ngati singano, kenaka anatungira pa ulusi wa silika wopindidwa pawiri, namanga mfundo pakati pa mwala ndi mwala. Mfundozi zimateteza miyala kuti isamakhulane, ndipo ulusi ukaduka pamagwa mwala umodzi wokha. Zimachititsanso kuti mkandawo uzigona mofewa m'khosi, motsatira thupi, osati kuuma ngati waya. Chibangili chokha ndi chimene anachitungira pa waya wachitsulo wokutidwa ndi nayiloni, wopota ndi timawaya 49, ponena kuti dzanja limagundagunda zinthu ndiponso limakumana ndi madzi kawirikawiri, zomwe silika sangapirire. Mpaka lero palibe mfundo imene yamasuka, ndipo chibangili sichinapindike.

Zodandaula ndili nazo, ndipo chachikulu ndi loko wa mkanda, kachitsulo kolumikizira mkandawo kumbuyo kwa khosi. Pamene waya wokulunga aquamarine ndi siliva weniweni, amene amatchedwa 925 chifukwa pa magawo 1,000 alionse magawo 925 amakhala siliva, lokoyo anali chitsulo wamba chongopakidwa siliva pamwamba. Nyengo yotentha isanathe, chopakacho chinasupuka, pansi pake panatuluka mtundu wachikasu, ndipo kumbuyo kwa khosi langa kunayamba kuyabwa ndi kutuluka tizilonda. Zimenezi zimachitikira anthu ambiri amene khungu lawo siligwirizana ndi nickel, chitsulo chimene chimapezeka kawirikawiri mu tizitsulo totchipa. Ndikuona kuti munthu amene anandiuza zoona pa mwala uliwonse anayeneranso kundiuza za lokoyu pachiyambi pomwe, kuti ndisankhe ndekha kuonjezera ndalama. Nditawadandaulira sanatsutse. Anati maloko a siliva weniweni amachita kuitanitsa kunja, ndipo kuchokera pamene ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wake unakwera kwambiri moti makasitomala ambiri amawakana. Chifukwacho ndi chomveka, koma sichinachiritse khosi langa. Anandisinthira ndi loko wa siliva wokhala ndi chidindo cha 925, ine ndinalipira mtengo wa lokoyo, iwo sanalipiritse ntchito, ndipo kuyabwa kunatheratu.

Ndolo ndi zokongola, koma ndi zolemera. Iliyonse ili ndi agate mmodzi ndi mikanda iwiri ya rose quartz, ndipo ndikazivala kuyambira m'mawa, pofika madzulo makutu amakhala akukoka. Kwa mtsikana amene akungopita kokajambulitsa zithunzi zilibe vuto, koma kwa mayi amene akhale tsonga pa mwambo wa tsiku lonse, mwala umodzi ukanakwana. Nazonso ngowe zake zinali za chitsulo chopaka, ndipo tinazisintha pamodzi ndi loko. Kunalinso kuchedwa: katunduyo anafika kutangotsala pang'ono kuti chinkhoswe chichitike, osati pa tsiku limene tinapangana, ndipo ndinachita kuwaimbira ine kuti ndidziwe chimene chachitika. Amene akufunira mwambo apangitse nthawi ikadalipo.

Pa nkhani ya mtengo, zinthu zitatuzi zinandidyera ndalama zoposa zimene ndinalipira pogula nsalu ndi kusoketsa pamodzi. Poyamba ndinaona ngati zachuluka, koma anandiwerengera padera mtengo wa miyala, wa siliva, wa ulusi ndi wa ntchito yawo, ndipo ndinaona kuti gawo la manja awo ndi lochepa poyerekeza ndi maola amene kumanga mfundo zonse zija kumatenga. Ndinapereka theka pa Airtel Money poyamba, theka linalo polandira katundu, ndipo sipanabuke ndalama zina zobisika.

Za kasamalidwe anandilangiza momveka, ndipo zimene ananena zapherezeka. Pa muyeso wa kulimba kwa miyala umene katswiri wa miyala wa ku Germany, Friedrich Mohs, anakonza mu 1812, woyambira pa 1 kulekeza pa 10, aquamarine ali pakati pa 7.5 ndi 8, rose quartz ali pa 7, agate ali pakati pa 6.5 ndi 7, pamene galasi lili cha pa 5.5. Izi zikutanthauza kuti mwala wolimba umakanda wofewa zikasungidwa mothithikana, n'chifukwa chake anandipatsa timatumba tansalu titatu, chilichonse chake. Fumbi nalonso limakhala ndi timchenga tolimba ngati quartz, choncho kupukuta mkanda wafumbi ndi nsalu youma kumachotsa kuwala kwa timikanda ta galasi, ndipo pa mkanda wanga ndi tomweto timene tayamba kuchita chimbuuzi pamene miyala ikadali yowala ngati poyamba. Mafuta odzola ndi perefyumu ndimayamba ndapaka, zikauma m'pamene ndimavala mkanda, ndipo sindiusiya pawindo chifukwa rose quartz wina amafwifwa akakhalitsa padzuwa. Waya wa siliva umada pakapita nthawi, zimene ndi chikhalidwe cha siliva weniweni, ndipo kansalu kopukutira kamene anandipatsa kamaubwezeretsa mwakale. Ulusi wa silika watambasukako pang'ono pafupi ndi mwala waukulu, pamene pali kulemera, ndipo anandiuziratu kuti mkanda wovalidwa kawirikawiri umafunika kuutunganso pakapita chaka chimodzi kapena ziwiri, ntchito imene amalipiritsa payokha.

Chimene ndikuonabe kuti chikusowa ndi kapepala. Zonse zimene anandiuza za miyala, kumene inachokera, imene sinatenthetsedwe, imene ndi galasi, ndi chitsulo chimene chili pa loko, zinali zapakamwa, ndipo mkandawu ndikadzaupereka kwa mwana wanga, iye sadzakhala ndi poonera. Ndinawapempha kuti azilemba zimenezi pa risiti ya aliyense wogula, ndipo anavomera kundilembera yanga ndikadzapita kukatungitsanso. Pa ulendo womwewo ndawapempha kuti adzachotse mikanda ya rose quartz pa ndolo, atsale agate yekha, kuti zipepuke.