DStv, GOtv, Azam, Kiliye Kiliye kapena Netflix: ndani amatha kupisa mthumba mwako osakufunsa?

Kunyumba kuno wolipira TV ndine, ena onse ntchito yawo ndi kulimbirana rimoti basi. Ndiye anthu akamafunsa kuti pakati pa DStv, GOtv, Azam ndi za pa intanetizi yabwino ndi iti, ine sindiyambira pa machanelo, ndimayambira pa funso loti ndalama yanga imachoka bwanji. Pali zomwe umachita kutumiza wekha ndalama, pali zomwe zimabwera kudzatapa zokha iwe uli mtulo. Kusiyana kumeneku ndinakuphunzira mowawa, chifukwa cha lamba wochepetsa mimba, musaseke.

Unali usiku mpira utatha, ndikungosinthasintha machanelo ndinapeza kaja kapulogalamu kotsatsa malonda komwe kamatenga mphindi 30 zathunthu, bambo wina wamimba ngati yanga, kenako akumuonetsanso mimba yaphwa, pansi apa nambala ikuphethira, akuti yesani ulere masiku 30 mungolipira yotumizira yokha. Ndinalowa pa webusaiti yawo, ndinalemba manambala a khadi, atatu akumbuyo aja ndinalembanso, OTP, kanambala kachinsinsi kotsimikizira kuti wolipira ndiwe, inabwera pa foni ndinayiika, ndikuti tindalama tochepa ngati timeneti ndiluza chani. Lamba sanafike mpaka lero. Koma mwezi utatha cha m'ma 2 koloko usiku foni inalira, meseji ya kubanki, adula madola ochuluka kuposa aja ndinavomera, OTP osabwera olo. Mwezi winawo chimodzimodzi. Ku banki anandipatsa fomu, anatseka khadi, yatsopano ndinalipiranso, ndipo mtsikana wa pa kauntala anandifotokozera bwinobwino kuti achimwene OTP imafunsidwa poyamba paja, mukavomera kuti azidula mwezi ndi mwezi zotsatirazo safunsanso. Kuvomera kwake kunali m'timalemba ting'onoting'ono pansi pa batani. Ndalama ya mwezi umodzi inabwerako patadutsa nthawi, inayo ndinangoiwalako.

Ndiye tiyeni tione mmodzimmodzi. Kuno kwathu TV ya waya ngati ya ku America ija kulibe kwenikweni, ife ndi dishi kapena eriyo. DStv ndi ya dishi, ndipo tisanamizane, ngati vuto lako ndi Premier League ndi Champions League, SuperSport ndiye kwawo kwa zimenezo, ena onsewa amangozungulira m'mbali. Imagwira paliponse bola dishi iloze bwino, kaya uli ku Nsanje kaya ku Chitipa. Koma mvula ikangoti yachita mdima, E48-32 ija pa sikirini, siginolo yapita, ndipo imasankha nthawi ya penati. Mtengo ndiye ndi nkhani ina, umatsatira dola, kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu May 2022 kenako 44 peresenti mu November 2023 aliyense anamva kuwawa. Mukukumbukanso za mu August 2023 pomwe MultiChoice Africa, eni ake a DStv, inalengeza kuti ikuchotsa DStv ku Malawi atakangana ndi MACRA, bungwe loyang'anira za mawailesi ndi mafoni, pa zokweza mitengo, nkhani mpaka kukhoti, anthu tinakhala ndi madishi padenga ngati zokongoletsera mpaka inabwereranso kumapeto kwa chaka chomwecho. Komabe pa funso langa lija DStv imakhoza, ukalipira pa Airtel Money pa *211# kapena Mpamba pa *444# kapena Mo626, walipira mwezi umodzi, ukatha imangokuikira E16, uthenga woti sunalipire, nkukhala chete. Siyingalowe mu foni mwako kukatenga ina. Ukakhala ulibe, ulibe basi, umakaonera kwa aneba kapena ku vidiyo sho.

GOtv ndi mng'ono wake wa DStv, kampani imodzi, koma iyi ndi ya eriyo, osafuna dishi osafuna munthu wokwera padenga ndi mita yake. Yotchipirapo, mvula siyiivutitsa kwambiri, koma imafuna ukhale kufupi ndi komwe kuli ma transmitter awo, mu Blantyre, Lilongwe, Mzuzu ndi malo otero. Ukakhala kuseri kwa phiri uzingozunguza nsungwi ya eriyo mwana akukuwa mnyumba kuti yagwira, yathawanso. Mpira ulipo koma funsitsani kaye kuti pakeji yomwe mukulipirayo ikuonetsa ligi iti, ambiri amalipira yotsika nkumadabwa Loweruka. Kalipiridwe ndi komwe kaja, wekha, mwezi ndi mwezi.

Azam ndi ya ku Tanzania, ya a Bakhresa omwe aja a ufa wa tirigu, nayo ndi ya dishi. Amayi akunyumba amaikonda chifukwa cha masewero aataliatali aja, ine ndinaikondera ligi ya ku Tanzania, Simba ndi Yanga zikakumana mumachita kumva kuti mpira uli ndi eni ake. Pamtengo ili mmunsi mwa DStv. Kiliye Kiliye ndi ya boma kudzera ku kampani yake ya MDBNL, machanelo akonkuno, MBC, Times, Zodiak, Mibawa ndi a mipingo, yoyenera munthu amene akungofuna nkhani za 7 koloko ndi kwaya, ndipo ndinagulira mayi anga imeneyi sanadandaulepo. Zonsezi ndi za dzanja lako, ukapanda kutumiza palibe chichoke.

Chomwe chimandinyansa pa zonse zinayi nchimodzi, masiku amawerengabe olo magetsi athime sabata yonse. Walipira masiku 30 waonera 18, palibe amene akubwezere.

Tsopano za pa intaneti, Netflix ndi anzake. Netflix inafika kuno mu January 2016 pomwe inatsegula m'maiko ambiri nthawi imodzi, ndipo kunena zoona mafilimu ndi ambiri, umaonera nthawi yomwe wafuna, palibe za mvula. Koma apa ulipira kawiri, iwowo komanso bando, ndipo filimu yooneka bwino imatha kudya mpaka 3GB pa ola limodzi, ndiye werengera wekha ana akakhala pa holide. Mpira wa ku England mulibe. Ndipo apa ndi pomwe khadi imalowa, umasiya manambala ako kwa iwo ndipo tsiku likakwana amadula okha. Sindikuti akuba ayi, Netflix ukafuna kusiya umalowa mu akaunti nkudina cancel zatha, mwezi womwe walipira umamaliza. Vuto ndi loti tikazolowera kusiya khadi paliponse timayamba kuisiyanso kwa anthu a lamba aja, komanso timaiwala, pali anthu akulipira ma app atatu anayi omwe anasiya kutsegula chaka chatha. Onjezerani kuti mabanki athu ndi kusowa kwa forex kuno amaika malire pa zolipira kunja, mwezi wina khadi imangokana popanda chifukwa chomveka, pomwe ukufuna idutse imakana, pomwe sukufuna imadutsa, mxii.

Pali gulu lina lomwe sindikufuna kulitaya, anyamata ogulitsa timabokosi ndi ma app a machanelo 5,000 pa mtengo wa chaka chonse kamodzi. Amakuonetsa pa foni yawo zikuyenda bwinobwino, umalipira, miyezi iwiri zikugwira, tsiku la fainolo kazingozungulira kaja pa sikirini, nambala ya mnyamata uja siyikupezekanso. Ndi zakuba kale ndiye ukadandaula kwa ndani. Ukalipira kashi waluza ya chaka, ukalipira pa khadi pa webusaiti yawo ndiye wawapatsa ndi kiyi wa nyumba yemwe.

Musaganize kuti zimenezi zimangogwera ife osauka. Ku America komwe kunachokera malonda a pa TV amenewa, kampani ya Allstar Marketing Group, yogulitsa bulangete la manja lotchedwa Snuggie, inalipira madola 7.5 miliyoni ku FTC, bungwe la boma loteteza ogula, mu 2015 chifukwa cha kaja koti gula chimodzi china ulere. Ankati 19.95 koma chilichonse mwa ziwirizo anali kuchiikira 7.95 ya processing and handling, munthu nkupezeka walipira 35.85. Kevin Trudeau, katswiri wa malonda a pa TV a usiku, anagamulidwa zaka 10 kundende mu 2014 atanyozera lamulo la khoti lomuletsa kunamiza anthu pa TV. A TV ya waya nawonso, Comcast inalipitsidwa madola 2.3 miliyoni ndi FCC, yomwe ili ngati MACRA yakumeneko, mu 2016 kamba koika pa bilu zinthu zomwe makasitomala sanapemphe. Olo Amazon mu 2025 inavomera kulipira madola 2.5 biliyoni pa nkhani yolowetsa anthu mu Prime, umembala wake wolipira, mosadziwa nkuwavutitsa potuluka. Njira yake ndi imodzimodzi, kulowa kosavuta, khomo lotulukira kulibisa, ndipo bilu imabwera pambuyo zinthu zitachitika kale. Ife ndi umphawi wathuwu tinapulumukira ku prepaid mosadziwa.

Abale athu a ku Joni ndiye akudziwa bwino za ma debit order, omwe kampani imadzitapira yokha ndalama mu akaunti mwako, aja a ma randi 99 omwe ankangotuluka mu akaunti kuchokera ku makampani omwe sunawamvepo, anasankha 99 dala kuti ikhale yaing'ono usaione msanga. Nchifukwa chake mabanki a kumeneko anabweretsa DebiCheck yoti uvomereze kaye pa foni asanayambe kudula. Ndiye amwene muli kumeneko, wina akakuimbirani kuti dikoda ulere mungosaina miyezi 24, dziwani kuti dikodayo mwaigula kale kangapo mkati mwa miyezi imeneyo, ndipo ntchito ikatha pakati debit order siidziwa zimenezo.

Kunena chilungamo khadi ili ndi ubwino umodzi omwe mobile money ilibe. Akakudula molakwika pa Visa kapena Mastercard pali njira yoti banki yako ikatsutse ndalamayo ibwerere, amati chargeback, nthawi zambiri umakhala ndi masiku pafupifupi 120, ndiye osachedwa, sunga meseji, jambula sikirini, pita ukadzaze fomu ndipo utenge kope yodinda. Pomwe pa foni ukatumiza wekha kwa tsotsi ndi PIN yako, iye nkukatapa kwa ejenti mphindi zomwezo, kuibweza ndi ntchito yaikulu. Ndiye mobile money imakuteteza kwa odula mwakachetechete koma siyikuteteza ku kupusa kwako, makamaka aja oimba foni kuti ndife a kampani ya TV tili ndi promotion lipirani miyezi itatu pa nambala iyi. Kampani yeniyeni ili ndi malo ake pa menyu ya Pay Bill, umaika nambala ya dikoda yako, ya smartcard kapena IUC, siituma ndalama ku nambala ya munthu. Banki ikakuzengereza pali a Reserve Bank omwe amalandira madandaulo a makasitomala a mabanki, za malonda achinyengo kuli CFTC, bungwe la boma loona za chilungamo pa malonda, za ma TV ndi mafoni kuli MACRA, ndipo a CAMA, bungwe loimira ogula la bambo John Kapito, amakuwa nawo.

Mmene ndikuchitira ine pano ndi chonchi. Nyengo ya ligi kuyambira August mpaka May ndimalipira DStv pa foni, mwezi umodzi umodzi, sindilipiriratu miyezi yambiri chifukwa 2023 inandiphunzitsa. June ndi July ndimatsikira ku pakeji yotsika kapena kuisiya dala ipume, palibe amene amandilipitsa chindapusa. Netflix ndimayatsa ana akatsekera sukulu, ndipo tsiku lomwelo ndalipira ndimadina cancel, imagwirabe mpaka mwezi uthe koma siidzidulanso yokha. Khadi yomwe ndimaika pa intaneti si ya akaunti yolandirira salale, ndi ya akaunti ina yomwe ndimathiramo ndalama yokwanira chinthu chomwe ndikugulacho, wobwera usiku amapeza mopanda kanthu. Mayi kumudzi ali ndi Kiliye Kiliye yawo, madamu akulimbikira kuti tibwezeretse Azam chifukwa sewero lawo lina silinathe, nkhani imeneyo tikadakambirana.

Za lamba zija, mimba ikadalipo, ndipo kapulogalamu kaja ndinakaonanso mwezi watha pa chanelo ina, bambo yemwe uja, koma pano akugulitsa mapoto osamatirira.