Anati kontrola yapsa, pomwe vuto linali pa njanji

Ndemangayi ndi ya shopu ina yokonza mawailesi ndi ma TV ku Kamwala, mu Lusaka.

Ndili ndi kasitima kachidole koyendera magetsi, ka kampani ya Hornby, ka saizi ya OO, komwe mng'ono wanga ananditumizira kuchokera ku Leeds, ku England. Njanji zake ndinazikhomera pa plywood m'galaja kwathu ku Chilenje, ndipo adzukulu akabwera satulukamo. Mwezi watha ndinawonjezera njanji yozungulira kuti sitima izitembenuka n'kubwerera momwe yadzera. Kuchokera tsiku limenelo, ndikangoyatsa, kontrola, kabokosi kopereka magetsi ku njanji, imadula yokha, sitima osasuntha.

Mwini shopu sanafunse n'komwe kuti njanji ndinaziyala bwanji. Anangoinunkhiza kontrolayo n'kunena kuti, "Madala, iyi yapsa, magetsi athuwa mukuwadziwa." Anatenga K150 yawo yoyezera ija, n'kuisunga milungu iwiri. Ndinakwera minibasi kanayi konse, yankho n'kumangokhala mawa. Pomaliza akuti ndigule chaja ya laputopu ya 19V ndilumikize ku njanji. Tisitima timeneti timayendera 12V DC, ndikanamvera bwenzi injini itapsa. Zimenezi zikundiwawabe mumtima.

Ndikutuluka, mnyamata amene akuphunzira ntchito pamenepo ananditsatira. "Atate, kontrola yanu ilibe vuto, ndinaiyeza ndekha. Mundilole ndidzaone njanjizo."

Anabwera Lamlungu masana, magetsi atapita. Ine ndimati tasemphana nawo, iye akuti ndi bwino choncho, mita yake yoyezera magetsi ili ndi batire. Anachotsa injini pa njanji, anamasula mawaya a kontrola, n'kugundisa timawaya ta mita pa njanji zonse ziwiri. Piii! Anati siimayenera kulira, ndiye kuti penapake njanji ziwirizi zakumana. Ndiyeno anapempha choko kwa mdzukulu wanga, anagwada, n'kuyamba kulemba njanji yakumanzere. Anaitsatira pang'onopang'ono, kudutsa pa pointi, pomwe njanji zimapatukana, kuzungulira monse muja, ndipo pobwerera chokocho chinatulukira pa njanji yakumanja. Ndinangogwira pakamwa. Njanji imodzi yomweyo inali kulumikiza positive ndi negative, ndipo amene anapanga shotiyo ndi manja angawa.

Tolumikizira njanji tapulasitiki analibe. Anadula njanji zonse ziwiri ndi kasowo, polowera ndi potulukira pa mzungulo uja, n'kumata tizidutswa ta khadi yakale ya SIM m'mipatamo kuti zitsulo zisagundanenso. Anaikanso switchi ya DPDT, ya miyendo 6, yotembenuzira magetsi sitima ikakhala mkati mozunguliramo. Ma fishplate awiri, tizitsulo tolumikizira njanji, omwe anali olobodoka anawafinya ndi pulayazi. Anandichenjezanso kuti ndisamakwechese njanji ndi steel wool, chifukwa tinyenyeswa take timakokedwa ndi maginito a mu mota.

Magetsi anabwera iye atapita kale. Kasitima kanazungulira, kanatembenuka, kanabwerera, mdzukulu wanga n'kumakuwa kuti, "Agogo, yayenda!" Usiku womwewo ndinamuimbira mnyamatayo kuti amve kulira kwa mawilo pa foni.

Ndinkafuna kupereka nyenyezi imodzi. Ndapereka zitatu, chifukwa mwanayu waphunzira kugwira mita m'shopu momwemo, ndiye kuti alipo amene akumuphunzitsa bwino. Koma K150 yanga sanandibwezere, ndipo mwini shopu sanapepese. Mukapita kumeneko, katundu wanu mupereke m'manja mwa mnyamatayo.