Mapiritsi a papaya ndi abwinoko, koma wogulitsa anaika moyo wa amayi anga pachiswe

Ndikupereka nyenyezi ziwiri. Mapiritsi otafuna a papayawa ndinawagula pa sitolo ina ya mankhwala achilengedwe m'tauni muno, pa mtengo wokwera ndithu. Ndinagulira ine ndi amayi anga, chifukwa tikadya nyama madzulo tonse timagona titadzimbidwa.

Ndisanalipire ndinamufunsa mtsikana wa pakauntala momveka bwino: "Chemwali, amayi anga amamwa warfarin, mankhwala oti magazi asamaundane. Awa angamwe?" Botolo sanalitembenuze n'komwe. Maso ali pa foni, anangoti, "Achimwene, izi ndi zachilengedwe, ndi papaya basi, ngakhale mwana atha kumwa."

Sipanapite nthawi, amayi akutsuka mkamwa anayamba kulavula magazi. M'mikono munabuka mikwingwirima yakuda bii, chonsecho sanagwe, sanagunde kalikonse. Kuchipatala atawayeza magazi, ija amati INR yoonetsa nthawi imene magazi amatenga kuti aundane, anapeza kuti yakwera kupyola mlingo wake. Adokotala anafunsa ngati pali china chatsopano chomwe akumwa. Nditatulutsa botolo m'thumba, anawerenga mawu oti papain n'kupukusa mutu. Anandifotokozera kuti papain amachokera mu utomoni woyera wa papaya laliwisi, ndipo ntchito yake ndi kuphwanya mapuloteni. N'chifukwa chake nyama yolimba imafewa tikaikulunga m'masamba a papaya. Koma kwa munthu wa warfarin akhoza kuwonjezera mphamvu ya mankhwalawo mpaka magazi kumatuluka osaleka msanga. Anachenjezanso za amayi oyembekezera, komanso anthu amene amatuluka ziwengo akavala magolovesi a labala.

Chomwe chinandipweteka mtima kwambiri n'chakuti chenjezo loti omwa mankhwala ena ayambe afunsa dokotala linalipo kumbuyo kwa botolo, m'timalemba tating'ono ta Chingerezi. Mtsikana uja amagulitsa zimenezi tsiku ndi tsiku, osawerengako? Nditabwerera kukamuuza, yankho lake linali loti katundu wotsegula sabweza. Ine sindimafuna ndalama. Ngakhale kufunsa kuti amayi ali bwanji, ayi ndithu.

Mapiritsiwo pawokha sindingawanyoze. Ine amene sindimwa mankhwala ena alionse, ndikatafuna ndikangomaliza kudya kanyenya kapena nsima ya nyama ya mbuzi, mimba imapepuka ndithu, ndipo kakomedwe kake n'kotsekemera pang'ono. Chilungulira chokha sanachichotse. Zoti amachiritsa zilonda zam'mimba, zomwe mtsikanayo amauzanso makasitomala ena ndili pompo, musazimvere. Zilonda zimafuna kuyezetsa kuchipatala.

Amayi anasiya kumwa mapiritsi a papayawo tsiku lomwelo ndipo magazi awo anabwerera m'malo mwake. Otsalawo ndimaliza ndekha. Ena ndikagula ku famase komwe amayamba akufunsa kuti ukumwa mankhwala anji, ndipo za sitoloyi ndikukadandaula ku bungwe loona za mankhwala la PMRA.