Nyenyezi zitatu kwa mnyamata wa mapulogalamu wa ku Braamfontein

Ndinamulipira R1,800 kuti atikonzere kapulogalamu ka katundu amene timatumiza kumudzi kuchokera kuno ku Joni. Ndimangofuna chinthu chimodzi: ndikalemba dzina la kasitomala, kandiuze deti limene katundu wake woyamba analowa pamalo pathu ku Rosettenville, ndi deti la katundu womaliza. Ndalama yosungira katundu timawerengera pamenepo.

Sabata ziwiri zoyamba kanayenda bwino. Kenako kunabwera mayi ena a ku Mangochi kudzalipirira firiji ndi mabelo awiri. Ndikudina dzina lawo, kompyuta ikuti katundu wawo woyamba analowa pa 01/01/1970, nthawi ya 02:00 usiku, bilu yake yoti ungagulire nyumba ku Area 47. Mayiwo anasuzumira pa sikirini nati, "Achimwene, 1970 ine ndinali ndisanabadwe. Firijiyo anakusungitsani ndi agogo anga?" Anthu pamzere kufa nako kuseka, ine thukuta kamukamu.

Ndinamuimbira kanayi, osayankha. Pa WhatsApp timizere tiwiri tabuluu, koma zii. Ichi ndiye chinandiwawa kuposa vutolo, poti tsiku lolandira ndalama foni ankayankha isanalire kawiri.

Anatulukira patatha masiku atatu, laputopu kukhwapa, kupepesa ayi. Koma pajatu chilungamo n'chabwino, ntchito amaidziwa. Anandionetsa mzere umodzi umene alamu anga anaiwala kulembapo deti. Pulogalamu inatenga malo opanda kanthuwo ngati ziro, ndipo makompyuta ambiri amawerenga nthawi m'masekondi kuyambira pa 1 Januwale 1970. Maola awiri aja akuti n'chifukwa Johannesburg ili patsogolo ndi maola awiri pa UTC, nthawi ya dziko lonse imene makompyutawo amayendera, chimodzimodzi kwathu ku Malawi. Ndiye MIN, lamulo la mu pulogalamu losankha chaching'ono pa zonse, ikamasaka deti lakale kwambiri, inkangotola ziroyo.

Ali mkati mofufuza anapezanso china, chimenechi cholakwa chake ngakhale anayesa kutikankhira ife. Deti lomaliza ankalitenga mu fayilo yathu ya Excel momwe madeti analowa ngati mawu wamba. MAX, lamulo losankha chachikulu pa zonse, inkaona 30/01/2024 ngati laposachedwa kuposa 05/11/2024, kungoti 3 ndi wamkulu kuposa 0. Tangoganizani, makasitomala angati tinawawerengera molakwika osadziwa! Anasintha madeti onse kuti chaka chiziyamba, 2024-11-05, nakonzanso kuti kapulogalamuko kazikana mzere wopanda deti. Zonsezi zinamutengera mphindi makumi anayi, akumwa Fanta wanga.

Chikonzereni sikanavutenso, magalimoto atatu adutsa pa Mwanza popanda wodandaula za bilu. Nyenyezi ziwiri ndachotsazo ndi za foni ija ndi R100 imene ndinawachotsera mayi aja kuti mtima ukhale pansi. Akandibwezera imeneyo ndidzawonjezera imodzi. Amene mukufuna kumupatsa ntchito, perekani theka kaye, ndipo musanamalize kulipira yesani kusiya deti limodzi losalemba muone chimene kakuuzeni.